Mphumu: Ntchito Yaikulu Ili M'manja mwa Wodwala

Mwezi wa Juni ukafika, ku Jenda kumazizira zenizeni. Amayi ogulitsa tomato, anyezi ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu wa M1 amalawirira atafunda zitenje ziwiriziwiri, ndipo madzulo mabanja amaunjikana pamoto m'makhitchini odzaza utsi. Chisanu chikatha pamabwera fumbi ndi utsi wa tchire lotenthedwa, kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa. Kwa anthu ambiri zimenezi ndi nyengo chabe, zimabwera n'kupita. Kwa munthu wa mphumu ndi miyezi yovuta: chifuwa chimathina, mpweya umatuluka ukulira ngati likhweru, ndipo tambala woyamba amalira iye ali chikhalire pamphasa, tulo osatiwona.

Odwala ambiri a kum'mwera kwa boma la Mzimba, monganso a m'madera ena m'dziko muno, amatsata njira imodzi. Akabanika amathamangira kuchipatala cha Jenda, ku Embangweni kapena ku Mzimba boma. Amalandira chithandizo, chifuwa chimamasuka, amabwerera kwawo, ndipo nkhani ya mphumu imathera pomwepo kufikira tsiku lomwe adzabanikenso. Njira imeneyi ndi yoopsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo. Ambiri mwa omwalirawo anali a m'mayiko osauka, ndipo zambiri mwa imfazo zikanapeweka.

Mphumu si matenda oti dokotala angawagonjetse yekha. Iye amakuonani mphindi zochepa, mwina kamodzi pa miyezi ingapo. Masiku ena onsewo chifuwa muli nacho ndinu. Choncho wodwala amene akumvetsa matenda ake, n'kumachitapo kanthu tsiku ndi tsiku, ndiye amagwira gawo lalikulu la chithandizo.

Chimene chimachitika m'chifuwa

Mpweya umene timapuma umadutsa m'timapaipi tomwe timagawikana ngati nthambi za mtengo mpaka kukafika mkati mwenimweni mwa mapapo. Mwa munthu wa mphumu, khungu la mkati mwa timapaipi timeneti limakhala lotupa ndiponso losachedwa kunyanyuka. Likakumana ndi utsi, fumbi, mphepo yozizira kapena chimfine, pamachitika zinthu zitatu nthawi imodzi: kutupako kumakula, minofu yozungulira timapaipito imafinyika, ndipo mkati mumadzaza makhololo olimba. Njira ya mpweya imachepa, ndiye kubanika kuja.

Mfundo yofunika kuigwiritsitsa ndi yakuti kufinyika kwa minofu kumabwera n'kupita, koma kutupa kumakhalapobe ngakhale masiku omwe munthu akupuma bwino. Kuli ngati moto wa mankhusu, umene pamwamba umaoneka wozima pomwe pansi ukunyeka. Ichi n'chifukwa chake mphumu ili m'gulu la matenda amgonagona. Ana ena akamakula zizindikiro zimachepa kapena kusowa, koma zikhoza kubwereranso atakula. Ndipo kutupa kukalekereredwa zaka zambiri, timapaipi tija timakhuthala n'kuuma, mwakuti ngakhale mankhwala satimasulanso bwinobwino.

Mphumu sipatsirana. Simungaitenge pogona chipinda chimodzi kapena pomwera kapu imodzi ndi wodwala. Imakonda kuyenda m'magazi a pabanja, kawirikawiri pamodzi ndi ziwengo za pakhungu komanso kuyetsemula pafupipafupi. Koma si kutsokomola kulikonse komwe kuli mphumu. Munthu amene watsokomola milungu iwiri kapena kuposerapo, akutuluka thukuta usiku, akuonda kapena akulavula magazi, ayenera kuyezedwa makhololo kuti aone ngati si TB. Matenda a mtima nawonso amabanikitsa. Ntchito yoyamba ya wodwala ndi kufunsa poyera kuti, "Kodi ineyo mwandipeza ndi chiyani?" ndi kuonetsetsa kuti yankholo lalembedwa m'buku lake lakuchipatala.

Mankhwala awiri, ntchito ziwiri

Mankhwala enieni a mphumu ndi opopera mkamwa, amene ambiri amangowatchula kuti inhela. Alipo a mitundu iwiri, ndipo kusokoneza ntchito zake ndi kumene kumapweteketsa anthu.

Oyamba ndi salbutamol, amene kawirikawiri amakhala m'kachitini kabuluu. Awa amamasula minofu yofinyika ija m'mphindi zochepa, ndipo mphamvu yake imatha patapita maola anayi kapena kuposerapo pang'ono. Ndi ozimitsira moto ukabuka, koma kutupa sakukhudza n'komwe.

Achiwiri ndi beclometasone, amene kawirikawiri amakhala m'kachitini kofiirira. Awa ndi amene amaphwetsa kutupa. Mukapopera simumva kusintha kulikonse nthawi yomweyo. Amayamba kugwira ntchito patapita masiku, ndipo phindu lake lonse limaoneka patatha milungu ingapo mukupopera m'mawa ndi madzulo osadumphitsa. Apa ndi pamene odwala ambiri amalakwira. Poona kuti abuluu amathandiza pompopompo pomwe ofiirira sakuonetsa kanthu, amaponya ofiirirawo m'sutikesi. Ena amapopera mokhulupirika mwezi umodzi, akaona kuti ali bwino n'kusiya, osazindikira kuti ali bwino chifukwa cha mankhwala omwewo.

M'chaka cha 2019, bungwe la akatswiri a mphumu padziko lonse lotchedwa GINA linasintha malangizo ake n'kunena kuti achinyamata ndi akuluakulu asamadalire salbutamol yekha, chifukwa kutero kumawonjezera chiopsezo cha kubanika koopsa. Kachitini kamodzi ka salbutamol kamakhala ndi mapope 200. Munthu amene akumaliza tizitini titatu kapena kuposerapo pachaka adziwe kuti matenda ake sanagwidwe, ndipo akufunika kukakambirana ndi dokotala za mankhwala ophwetsa kutupa. Palinso inhela ina yophatikiza budesonide ndi formoterol, imene imagwira ntchito ziwiri zonsezi, ngakhale kuti kuno sipezeka wamba.

Pali mantha omwe amafala m'midzi ngakhalenso m'makoleji. Ena amati ukayamba inhela sudzasiyanso, ena amati imafooketsa mtima, enanso amati ndi ya munthu amene watsala pang'ono kufa. Zonsezi si zoona. Inhela siyambitsa chibaba. Mankhwala ake amapita molunjika m'mapapo, choncho mlingo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mapiritsi omwe amayenda thupi lonse. Mapiritsi a salbutamol ndi aminophylline, omwe anthu ena amawakhulupirira kwambiri, ndi amene amakonda kunjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima. Prednisolone amapulumutsa moyo akamwedwa masiku ochepa pa nthawi yobanika kwambiri, koma kumangogula pagolosale n'kumamwa miyezi yambiri kumabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufooka kwa mafupa. Za beclometasone, chofunika ndi kuchukucha mkamwa ndi madzi n'kulavula mukatha kupopera, kupewa zilonda zoyera za mkamwa ndi kusasa mawu. Mayi woyembekezera asasiye inhela yake, pakuti iye akasowa mpweya, mwana ali m'mimbayo amausowanso.

Botolo la 500 ml

Kukhala ndi inhela n'kwina, kuidziwa kupopera n'kwinanso. Anthu ambiri akapopera, mankhwala amathera palilime ndi kukhosi chifukwa n'kovuta kukanikiza kachitini ndi kukoka mpweya pa kamphindi kamodzi. Njira yothetsera vutoli ndi kuika chinthu pakati pa inhela ndi pakamwa, chimene achipatala amachitcha spacer, kuti mankhwala ayambe aima m'menemo inu n'kumakoka pang'onopang'ono.

Ya m'sitolo ndi yodula ndipo sipezeka paliponse. Koma m'chaka cha 1999, Dr Heather Zar ndi anzake a pachipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town anasindikiza kafukufuku m'magazini ya madokotala ya The Lancet, woonetsa kuti botolo la pulasitiki la 500 ml limagwira ntchito mofanana ndi spacer yogula. Botolo lotere mungalipeze pa golosale iliyonse pa Jenda.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Tsukani botolo ndi madzi a sopo, n'kulisiya liume lokha osalipukuta mkati. Kunsi kwake boolani bowo lofanana ndi kukamwa kwa inhela, pogwiritsa ntchito waya wotentha, kuti inhelayo ilowe mothina. Pofuna kumwa mankhwala, khutchumulani inhela, ilowetseni pabowopo, ikani kukamwa kwa botolo pakati pa milomo yanu, kanikizani kamodzi kokha, kenaka pumani modekha kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi m'botolomo. Ngati mukufunika pope lachiwiri, khutchumulaninso n'kubwereza. Ulendo wotsatira wa kuchipatala, tengani inhela ndi botolo lanu, mupopere pamaso pa namwino kuti akuwongolereni pamene mukuphonya.

Zimene anapeza ku Blantyre

Kodi kuphunzitsa wodwala kumasinthadi kanthu? Funsoli linayesedwa konkuno. Pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, Dr Sarah Rylance ndi anzake a Malawi-Liverpool-Wellcome anatenga ana 120 a mphumu, a zaka 6 mpaka 15, n'kuwagawa pawiri mwamaere. Gulu lina linapitiriza kulandira chithandizo cha nthawi zonse. Gulu linalo linayezedwa mofatsa, linakonzeredwa bwino mankhwala opopera, ndipo ana ndi makolo awo anaphunzitsidwa za matendawa, kapoperedwe ndi zoyenera kuchita zinthu zikavuta. Ophunzitsawo sanali madokotala, koma anthu wamba amene anaphunzitsidwa ntchitoyi.

Zotsatira zinasindikizidwa mu 2021 m'magazini ya Thorax. Patatha miyezi itatu, ana a gulu lophunzitsidwa anali kupuma bwino kuposa anzawo, ndipo ochepa okha ndi amene anathamangirako nawo kuchipatala. M'gululi, mwana mmodzi mwa asanu aliwonse ndiye anajombako kusukulu, pomwe m'gulu linalo anali atatu mwa asanu. Panalibe makina odabwitsa kapena mankhwala achilendo.

Amalawi tinaziona kale zotere. Chiyambireni kupereka ma ARV aulere mu 2004, anthu a m'midzi yakutali aphunzira kumwa mankhwala tsiku lililonse ngakhale asakumva kuwawa, kusunga tsiku la kuchipatala, kukhala ndi womuyang'anira komanso kulimbikitsana m'magulu. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo linatenga luso lomweli n'kuyamba kuthandiza odwala mphumu, shuga, khunyu ndi kuthamanga kwa magazi pa kiliniki imodzi ndi a HIV. Mwambo umene wagwira ntchito pa kachilombo ndi womwewo umene mphumu ikufuna.

Dziwani chimene chimakuutsirani matenda

Chodzutsa mphumu mwa munthu wina sichikhala chimodzimodzi mwa mnzake, ndipo palibe dokotala amene angakudziwireni chanu. Muyenera kuchifufuza nokha. Tsiku lililonse lomwe mwabanika, lembani pamene munali, chimene mumachita ndi mmene kunja kunalili. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzayamba kuona chimene chikubwerezabwereza.

Kumudzi, zokayikitsa zoyamba ndi utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, mbaula ya makala m'chipinda chotseka nthawi yachisanu, fumbi la fodya m'chigafa pa nthawi yosankha ndi kudinda, fumbi lopuntha chimanga kapena nyemba, mankhwala a ufa othira m'chimanga, ndi fumbi la kuchigayo. Kuhositelo kuli zakezake: mabulangete ndi matiresi osaanikidwa, mphemvu, chuku cha m'makoma achinyezi, mafuta onunkhiritsa opopera, mankhwala ofukiza othamangitsa udzudzu, ndi kusesa pouma. Utsi wa fodya, wosuta nokha kapena wa mnzanu, umawononganso mphamvu ya mankhwala ophwetsa kutupa aja.

Sitingathawe zonse. Mwana wa mlimi wa fodya sangaleke kuthandiza makolo patchuthi. Koma angathe kupempha ntchito ya panja m'malo mwa ya m'chigafa, kuvala chotchinga pamphuno, ndi kuonetsetsa kuti inhela yabuluu ili m'thumba. Kuwaza madzi musanasese, kuanika zofunda padzuwa, kuphikira pamalo opita mphepo, ndi kukulunga mpango pamphuno m'mawa wa Julayi kuti mpweya uzilowa wofunda, zonsezi sizilira ndalama.

Chenjeraninso ndi mankhwala ena. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac amabanikitsa kwambiri odwala ena a mphumu, ndipo propranolol ndi atenolol, omwe amaperekedwa pa matenda a mtima ndi kuthamanga kwa magazi, akhoza kutseka chifuwa. Kulikonse komwe akukulemberani mankhwala, nenani msanga kuti muli ndi mphumu.

Masewera okha musawathawe. David Beckham wasewera mpira wapamwamba ali ndi mphumu, ndipo Paula Radcliffe anaswa mbiri ya dziko lonse pa mpikisano wothamanga mtunda wautali ku London mu 2003 ali nayonso. Ngati kuthamanga kumakubanikitsani, poperani salbutamol mphindi 10 kapena 15 musanayambe, ndipo yambani pang'onopang'ono. Mukapitirira kulephera, ndiye kuti kutupa sikunaphwe, osati kuti mpira si wanu.

Mafunso anayi musanalowe kwa dokotala

Mzere wa kuchipatala umakhala wautali, ndipo wodwala akangofunsidwa kuti ali bwanji amayankha mwaulemu kuti, "Ndili bwino pang'ono." Yankho lotere silithandiza amene akukulemberani mankhwala. Musananyamuke kunyumba, ganizirani milungu inayi yapitayi n'kudziyankha mafunso awa. Kodi ndabanika kapena kutsokomola masana koposa kawiri pamlungu? Kodi mphumu yandidzutsako usiku? Kodi ndapopera inhela yabuluu koposa kawiri pamlungu? Kodi pali ntchito, kalasi kapena masewera omwe ndalephera chifukwa cha chifuwa?

Ngati mayankho onse ndi ayi, matenda agwidwa, pitirizani momwemo. Ngati pali inde mmodzi kapena awiri, pali pofunika kukonza. Atatu kapena anayi akutanthauza kuti zinthu sizili bwino. Lembani mayankhowo papepala, mupite nawo pamodzi ndi buku lakuchipatala ndi mankhwala onse amene mukugwiritsa ntchito, kuphatikizapo azitsamba ngati alipo. Ngati munadumphitsa mankhwala, nenani zoona, kuopa kuti angakuwonjezereni mlingo pachabe. Ndipo funsani: awa ndi a chiyani, ndipopere kangati, mpaka liti, ndibwerenso tsiku liti? Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nkhanga zinapangana kusanapse

Munthu wobanika saganiza bwino, ndipo omuzungulira amasokonezeka. N'chifukwa chake dongosolo la tsiku loipa liyenera kukonzedwa tsiku labwino. Pemphani dokotala akulembereni m'buku mwanu zoyenera kuchita, ndipo muonetse anthu amene mumakhala nawo.

Kubanika kukayamba, wodwala akhale tsonga, asagone chagada. Kwa wamkulu ndi mwana wa zaka 6 kupita m'tsogolo, malangizo a akatswiri amati apatsidwe mapope 4 mpaka 10 a salbutamol kudzera m'botolo, limodzilimodzi, ndipo akhoza kubwereza pakatha mphindi 20 zilizonse mu ola loyamba. Mwana wocheperapo amafunika mlingo wochepa, umene achipatala ayenera kuuza makolo pasadakhale. Koma ngati munthu akulephera kumaliza chiganizo, milomo yada, nthiti zikulowa mkati popuma, wayamba kuwodzera kapena kubwebweta, kapena mankhwala sakusintha kanthu, imeneyo ndi ngozi. Nyamukani nthawi yomweyo, uku mukupitiriza kumupopera m'njira. Chifuwa chimene chimalira n'kungoti zii wodwala akadali kuvutika ndi chizindikiro choopsa koposa, chifukwa ndiye kuti mpweya wasiya kulowa.

Kwa amene amakhala kutali ndi msewu wa tala, monga midzi ya cha kumalire a Zambia kapena ya kumapiri a Viphya, dongosololi liphatikizepo mayendedwe. Nambala ya wanjinga yamoto wodalirika ikhale mufoni, ndipo kandalama ka ulendo kasungidwe padera. Kudikira kuti kuche kwapweteketsa ambiri.

Mankhwala akasowa

Si chinsinsi kuti m'zipatala zathu mankhwala amatha nthawi zina, ndipo ophwetsa kutupa ndi amene amavuta kupeza kuposa abuluu. Wodwala wochenjera sadikira kuti kachitini kathe. Lembani tsiku lomwe mwayamba katsopano n'kuwerengera: ka mapope 200, mukamapopera awiri m'mawa ndi awiri madzulo, kamatha m'masiku 50. Pitani kukatenga kena kutatsala milungu iwiri. Mukapeza kuti kulibe, funsani komwe angapezeke, ndipo pemphani akulembereni dzina ndi mlingo kuti mukagule kufamase yovomerezeka, osati pamsika. Mabanja ambiri a ku Mzimba ali ndi abale ku Joni amene amatumiza katundu. Ngati akukutumizirani inhela, iwonetseni kaye kwa achipatala, chifukwa mtundu wa kachitini ndi mphamvu ya mankhwala zimasiyana malinga ndi kampani. Wophunzira amene akupita kutchuthi kapena kukaphunzira ntchito kudera lina anyamule okwanira nyengo yonseyo.

Gawo la anzake a wodwala

Achinyamata ambiri amabisa inhela chifukwa cha manyazi, ena amakapopera kuchimbudzi kuopa kusekedwa. Kubisa kotere n'koopsa, chifukwa tsiku lobanika palibe amene adzadziwe komwe kuli mankhwala. Ngati muli ndi mphumu, uzani amene mumagona naye chipinda, woyang'anira hositelo ndi mphunzitsi wa masewera. Ngati ali nayo ndi mnzanu, phunzirani kumuthandiza ndi botolo lija, musapopere zonunkhiritsa m'chipinda chotseka, ndipo mukamumva akutsokomola usiku uliwonse mulimbikitseni apite kuchipatala asanafike pobanika. Amene mumayendera odwala m'makomo, funsaninso ngati mankhwala alipo komanso ngati tsiku lobwerera kuchipatala likukumbukiridwa.

Chaka chilichonse, Lachiwiri loyamba la mwezi wa Meyi ndi tsiku lokumbukira mphumu padziko lonse. Kwa ife limafika pa nthawi yake, chisanu chili pakhomo. Imeneyo ndi nthawi yabwino yoyang'ana ngati inhela zonse ziwiri zilipo, kutsuka botolo, kuanika mabulangete ndi kukaonana ndi dokotala chifuwa chikadali chomasuka.